Kukazinga khofi pakhomo ndi chiwaya ndi mbaula

Dzanja lozolowera kukazinga mtedza silivutika kuphunzira khofi. Chiwaya n'chomwecho, kutakasa n'komweko, ngakhale kupeta kwa pamapeto. Kusiyana kuli pawiri: khofi amafuna moto woposa wa mtedza, ndipo kuchoka pamene wapsa bwino kufika pamene wapserera pamangodutsa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ntchito yonse yagona pa kuweta moto ndi kudziwa nthawi yophula.

Kuno ku Blantyre khofi si mlendo. Mbande zake zinafika ku Blantyre Mission m'chaka cha 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 ndiye anali mbewu yaikulu yotumiza kunja, fodya ndi tiyi zisanamulande malo. Komabe ambirife timamwa wa m'chitini wosungunula ndi madzi, pamene wanjere akulimidwa pa Thyolo pompa.

Kupeza njere ndi kuzisankha

M'masitolo mumapezeka khofi wokazinga kale. Inu mukufuna njere zosakazinga, zamtundu wobiriwira motuwa, ndipo zimenezi muyenera kuchita kufunsa: kwa amene amakazinga khofi wogulitsa, kumaesiteti, kapena kwa mlimi mwiniwake. Khofi wa dziko lino ndi wamtundu wa arabica. Kummwera amalimidwa kwambiri m'maesiteti, monga Satemwa ku Thyolo. Kumpoto ali m'manja mwa alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, Phoka, Viphya ndi mapiri a Nkhata Bay, amene ambiri amagulitsa kudzera ku Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union. Mayina a mbewu amene mudzamve ndi Catimor, Nyika ndi Geisha. Kuthyola kumachitika m'miyezi yozizira, choncho njere zatsopano zouma bwino zimapezeka chilimwe chikafika.

Mukagula kwa mlimi, nthawi zambiri amakupatsani khofi ali m'makoko ake oyera owuma aja. Makokowo sakazingidwa. Thirani pang'onopang'ono mumtondo woyera, konolani mopepuka kuti makoko asweke koma njere zisaphwanyike, kenako petani palichero. Pa kilogalamu imodzi ya khofi wamakoko mudzatsala ndi magalamu pafupifupi 800. Zipatso zofiira zongothyola kumene ndi ntchito ina yaitali: kusenda, kuvundika kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti nanda ichoke, kutsuka, kuyanika kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso kuti mupeze kilogalamu imodzi ya njere. Woyamba kumene asayambire pamenepo.

Njere yoyenera kukazinga imakhala ndi chinyezi cha pakati pa 10 ndi 12 peresenti. Popanda makina oyezera, gwiritsani ntchito dzino. Youma bwino imalimba zolimba ndipo imathyoka mukailuma mwamphamvu. Yosauma imalowa dzino n'kutsala ndi chidindo. Zotere ziyanikeninso pamkeka kapena pathandala, osati padothi. Nunkhizaninso: fungo labwino ndi la udzu wouma. Fungo la chuku, la mafuta a galimoto kapena la thumba la feteleza silichoka ndi moto, ndipo poizoni wa chuku satha yense pokazinga. Zoterozo zisiyeni ngakhale zitatchipa.

Musanatereke chilichonse, yalani njere patebulo ndi kusankha. Chotsani miyala, tizidutswa, njere zakuda, zobooka ndi tizilombo, ndi zonyala zosakhwima. Njere imodzi yakuda yowola ikhoza kuipitsa kapu yonse. Ngati zasakanikirana zazikulu ndi zazing'ono kwambiri, zipatuleni, chifukwa zing'onozing'ono zimapsa zinzake zisanafike. Ntchito imeneyi imatopetsa, koma palibe luso la pamoto limene lingakonze zimene mwalekerera patebulo.

Zida

Chiwaya chikhale chachitsulo chokhuthala, chamilomo yokwera, chotambalala masentimita 24 mpaka 28. Poto wopyapyala wa aluminiyamu amatentha malo amodzi pamene pali makala, n'kusiya njere zili ndi zipsera. Mapani opaka zakuda zoletsa chakudya kumamatira asayandikire n'komwe, poti zopakazo zimawonongeka zikatentha kupyola madigiri 260, ndipo pani wouma pambaula amafika pamenepo mosavuta. Chiwayacho chikhale cha khofi yekha. Chimene chinakazingapo usipa kapena tchipisi chimatulutsa fungo lake lakale chikangotentha.

Pamafunikanso mthiko watsopano kapena chipande chamtengo, sefa yachitsulo yaikulu, lichero, nsalu yokhuthala yogwirira, wotchi ya pafoni, kope ndi cholembera. Sikelo ya kukhitchini yoyeza magalamu ndi yofunika kuposa choyezera kutentha, ndipo chifukwa chake chioneka kutsogoloku.

Kazingani magalamu 200 pa ulendo umodzi. Mukachulutsa, njere zimasanjikizana, zapansi zikupserera zapamwamba zisanafunde. Mukachepetsa kwambiri, sizisunga kutentha pakati pawo ndipo iliyonse imangowauka mbali imene yagona pachitsulo.

Moto

Kazingirani panja kapena pakhonde. Khofi amatulutsa utsi wambiri, ndipo mbaula m'nyumba yotseka imatulutsa mpweya wakupha umene suoneka kapena kununkha. Koma sankhani pobisika ku mphepo. Masiku a chiperoni, mphepo yozizira ndi mvula yowaza zimaba kutentha pamwamba pa chiwaya, ndipo ntchito ya mphindi 12 imafika 20. Tchingani ndi khoma kapena lata, kapena dikirani tsiku la dzuwa.

Makala ayake onse mpaka achite psuu ndi kuvala phulusa loyera pamwamba. Asakhale ndi lawi kapena utsi. Makala osapsa bwino kung'anjo amafuka, ndipo khofi amayamwa utsiwo. Musathire makala atsopano pakati pa ntchito: moto umayamba watsika kenako n'kudzuka mwaukali pa nthawi yoipa. Konzani okwanira mphindi 20 musanayambe. Mbaula ilibe kabatani kochepetsera moto, choncho konzeranitu njira: njerwa ziwiri m'mbali zoti mukwezerepo chiwaya, kapena kachitseko ka mpweya ngati mbaula yanu ili nako. Amene ali ndi sitovu ya gasi zawo n'zosavuta, ndipo tingalangize woyamba kumene kuti aphunzirire pamenepo ngati angathe.

Tenthetsani chiwaya chopanda kanthu kwa mphindi 3 kapena 4. Dontho la madzi likagwapo lilire n'kuuma pa sekondi imodzi kapena ziwiri. Chiwaya chikayamba kufuka chokha ndiye kuti chapyola, chichotseni kaye chizizireko.

Kukazinga kwenikweni

Thirani njere, yambitsani wotchi, yambani kutakasa. Kuyambira pano dzanja lisaime. Kokerani za m'mbali pakati, za pakati m'mbali, ndipo pakapita masekondi 20 kapena 30 gwedezani chiwaya kuti njere zitembenuke. Njere ya khofi ili ndi mbali yosalala imene imakonda kugonera, ndipo ikagona masekondi ochepa chabe pachitsulo chotentha imapsa chipsera.

Mphindi 4 kapena 5 zoyamba njere zikutaya madzi. Zimachoka kobiriwira kupita koyererako, kenako kwachikasu, ndipo fungo ndi la udzu wonyowa. Zikachita chikasu mphindi 3 zisanakwane, moto wachuluka: kunja kupsa mkati muli mwauwisi. Kwezani chiwaya. Zikafika mphindi 7 zidakali zobiriwira, moto ndi wochepa: tsitsani chiwaya kapena pemererani makala.

Kuchokera pa chikasu, pamene njere zili pa madigiri 150 kapena 160, shuga ndi zomanga thupi za m'njeremo zimayamba kuphikana, ndipo apa ndi pamene mtundu wofiirira ndi kukoma kumapangika. Fungo limasintha kukhala la buledi wa mu uvuni. Njere zimaoneka zamakwinya ndi zamawangamawanga, zosasangalatsa m'maso. Musade nkhawa, zimatero. Timankhusu topepuka timayamba kusupuka. Tiuzireni kunja ndi pakamwa kapena kakatoni, chifukwa tikatsala m'chiwaya timapsa n'kupatsa khofi fungo la utsi.

Cha pa mphindi 8 mpaka 11 mudzamva kuphulika: thu, kenako thu thu, kenako zambiri motsatizana. Akatswiri amakutcha first crack, ndipo kumachitika njere zikafika madigiri pafupifupi 196. Nthunzi ndi mpweya zimene zadzadza mkati zimang'amba njere, njereyo n'kufufuma, makwinya n'kuyamba kutha. Lembani nthawi imene kuphulika kwagwirana, osati ya njere imodzi yofulumira. Kuyambira pamenepa khofi akhoza kumwedwa, ndipo chilichonse chotsatira ndi kusankha kwanu.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Njere zikayandikira kuphulika zimakhala zitauma ndipo zimatenga kutentha mwachangu kuposa poyamba. Moto umene unali woyenera pa mphindi 5 tsopano wachuluka. Mukangoona utsi ukuwonjezeka ndi mtundu ukuderako, kuphulika kusanayambe, chepetsani moto pang'ono. Koma musauphe. Mukachotseratu chiwaya pamoto, kuphulika kumazilala pakatikati ndipo khofi amatuluka wozizira m'kamwa, wopanda fungo. Chofunika n'chakuti kutentha kuzikwerabe, koma mwaulemu.

Mukaphula patapita mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka chiyambireni kuphulika, mupeza khofi wofiirira mowala, wowawasa ngati chipatso, wonunkhira. Kukazinga kotere kumayenera njere zabwino za kumapiri ataliatali, monga Geisha wa ku Misuku, koma pachiwaya n'kovuta chifukwa njere zina zimakhala zisanapse mkati. Mukadikira mphindi 2 mpaka 3, kuphulika kutatha ndipo chiwaya chitakhala chete, njere zimakhala zofiirira mofanana, zosalala, zopanda mafuta kunja. Kuwawasa kwachepa, kutsekemera kwabwera. Pachiwaya ndi pambaula, apa ndiye poyenera kulinga, ndipo khofi wake amagwirizana ndi mkaka.

Mukapitirira, pa madigiri pafupifupi 224 kumabwera kulira kwachiwiri. Sikuphulika ngati koyamba koma kuthetheka kwapansipansi, kofulumira. Utsi umachuluka n'kuyamba kuswa m'maso, mafuta amatuluka, njere zimanyezimira. Okonda khofi wakuda wowawa aphule kuthetheka kukangoyamba. Kupyola apo mukupanga makala, ndipo za ku Thyolo ndi za ku Misuku zimakoma chimodzimodzi, kutanthauza kuti ndalama zimene munalipira pogula njere zabwino zapita ndi utsi. Njere zamafuta zotentha chonchi zikhozanso kuyaka. Zikayaka, vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, chotsani pamoto, musathire madzi.

Chenjezo limodzi pa nthawi: kuphulika koyamba ndi kuthetheka kwachiwiri zikalumikizana popanda kachetechete pakati, moto unali waukali kwambiri. Payenera kukhala mpata wa mphindi imodzi kapena ziwiri.

Phulani mtundu umene mukufuna usanafike kwenikweni, chifukwa njere zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwawo komwe. Muziyang'anire pa kuwala kwa dzuwa. Madzulo, pansi pa babu, khofi amaoneka wakuda kuposa mmene alili.

Kuziziritsa

Gawo ili lisachedwe ngakhale pang'ono, ndipo zida zake zikhale pafupi musanayatse moto. Khuthulirani njere m'sefa yachitsulo, osati m'beseni lapulasitiki, lomwe lingasungunuke. Zipukuseni pamphepo kapena patsogolo pa fani kwa mphindi imodzi, kenako zisamutsireni palichero ndi kupeta mpaka mankhusu onse atachoka. Cholinga n'chakuti pa mphindi 4 kapena 5 muzitha kuzigwira m'manja osapsa. Zikaunjikana m'mbale zili zotentha zimapitiriza kuphikika, ndipo khofi amene munaphula bwino amasanduka wakuda ndi wosakoma. Musawaze madzi. Mafakitale ena amatero ndi muyeso wake, koma pakhomo mungonyowetsa khofi n'kumufupikitsira moyo.

Zikazizira, yalaninso ndi kusankha kachiwiri. Mudzaona njere zina zotuwa, zoyererako pakati pa zinzake zofiirira. Zimenezo zinathyoledwa zosapsa, zilibe shuga wokwanira, ndipo ngakhale mutazikazinga motani sizida. Zimakoma ngati pepala. Ziikeni pambali pamodzi ndi zopserera, mudzazitaye mukatha kuyeza.

Tsopano yezani pasikelo. Khofi amapepuka pokazinga, ndipo kupepukako ndi umboni wosanama wa mmene wapsera. Ngati munathira magalamu 200 n'kutsala ndi 170, mwataya 30, amene ndi 15 peresenti: khofi wapakatikati. Kutaya 12 kapena 13 peresenti ndi wowala. Kutaya 18 mpaka 20 ndi wakuda. Kutsika pansi pa 11 ndiye kuti mkati simunapse. Yezani musanataye zosankhidwa zija, kuti chiwerengero chisasokonekere. Maso amanyengeka ndi kuwala, mphuno imatopa ndi utsi, koma mukadzafuna kubwereza khofi amene anakukomerani, nambala imeneyi ndi nthawi za m'kope ndizo zidzakutsogolereni.

Zikalakwika

Tengani njere zingapo, ziswe pakati ndi kuyang'ana mkati. Yopsa bwino imasweka mosavuta ndi zala kapena supuni, ndipo mtundu wa mkati umafanana ndi wa kunja. Ikakhala yakuda kunja, yotuwa mkati ndi yolimba, moto unachuluka pachiyambi. M'kapu khofi wotere amawawa ndi kuwawasa nthawi imodzi, ndi kafungo ka udzu kapena ka nyemba zosaphika. Mankhwala ake ndi kuyamba ndi chiwaya chozizirirako ndi kulola mphindi zonse 5 za kuuma.

Zipsera zakuda pa mbali yosalala zimachokera ku dzanja laulesi kapena chiwaya chopyapyala. Kupsa kwa kunsonga kokha kumasonyeza kutentha kokwera mofulumira kwambiri, ndipo kumakonda njere zofewa za kumalo otsikirapo. Njere za kumapiri ataliatali zimakula pang'onopang'ono, n'zolimba, ndipo zimapirira moto woyambira waukulu. Za kumunsi zimafuna dzanja lofatsa. Choncho mukasintha kumene mwagula njere, musayembekeze kuti nthawi zakale zigwiranso ntchito ndendende.

Vuto lina ndi losaoneka ndi maso. Njere zimatuluka zokongola, zofanana, koma m'kapu mulibe kanthu: palibe kuwawasa, palibe kutsekemera, kukoma kwa buledi wouma basi. Uyu ndi khofi amene anakhalitsa pamoto wofooka, mphindi 18 kapena 20, kapena amene moto unamuthera pakati. Kawirikawiri kuphulika kwake kumakhala kwapansipansi kapena sikumveka n'komwe. Wonjezani makala ulendo wotsatira, tchingani mphepo, kapena chepetsani njere kufika magalamu 150. Njere zogonera chaka chathunthu nazonso zimakoma ngati thabwa kapena chiguduli, ndipo pamenepo wolakwa si moto. Nyengo ya mvula sungani zosakazinga m'chigubu chotseka bwino, pamalo okwera, kutali ndi khoma lachinyezi.

Njira zina

Amene wakonda ntchitoyi n'kufuna kukazinga theka la kilogalamu nthawi imodzi apite kwa amisiri osula zitsulo, monga a ku Ndirande, akamupangire kamgolo kozungulira pamwamba pa mbaula. Kakhale kachitsulo chosachita dzimbiri kapena chitsulo wamba chosapaka kanthu. Malata ofolerera nyumba ndi zitini za penti ayi, chifukwa zokutira zake zimatulutsa utsi woipa zikatentha. Muuzeni mmisiri aboole timabowo ta mamilimita 3 kapena 4, awotcherere timapiko titatu mkati totembenuza njere, ndipo kachitseko katseguke msanga ndi dzanja limodzi. Dzazani gawo limodzi mwa atatu, zungulizani kamodzi pa sekondi. Khofi wa m'kamgolo amapsa mofanana kuposa wa pachiwaya, koma simumuona, ndiye khutu ndi wotchi ndizo zimagwira ntchito.

Uvuni wamagetsi umatheka pa madigiri 230 mpaka 240, njere zitayalidwa mzere umodzi pathireyi yobooka, koma umadzaza nyumba ndi utsi ndipo magetsi akathima pakati, khofi yense watayika.

Kusunga, kupera ndi kulawa

Musamwe tsiku lomwelo. Khofi wongokazinga kumene amakhala wodzadza ndi mpweya umene umatuluka pang'onopang'ono, ndipo umalepheretsa madzi kulowa bwino mu ufa wake. Thirani njere m'botolo lagalasi louma, tsekani mosamanga usiku woyamba, mawa lake mangitsani. Yambani kumwa pakapita masiku 2 kapena 3. Amakoma kwambiri m'masabata awiri kapena atatu oyamba, wakuda wamafuta amafulumira kuguga. Botolo likhale m'kabati, kutali ndi dzuwa ndi moto. Mufiriji ayi: amayamwa fungo la ndiwo, ndipo botolo limachita thukuta mukalitulutsa.

Perani wongokwana kumwa nthawi imeneyo, chifukwa ufa umataya fungo pa maola ochepa. Kachigayo kamanja kopera khofi ndiko kabwino. Popanda iko, kamtondo kakang'ono kamagwira ntchito, bola kasakhale kosinjira tsabola kapena nsinjiro. Sinjani, sefani, bwezerani misere mumtondo, kuti ufa ukhale wofanana kukula kwake, wokhakhala ngati mchere wa patebulo kapena kuposerapo pang'ono.

Poyesa zimene mwakazinga, thirani magalamu 15 a ufa m'kapu ndi madzi otentha mamililita 250. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho madzi amawira pa madigiri 96 kapena 97, amene ndi oyenera kale khofi, ndipo palibe chifukwa chowadikirira kuti azizire. Siyani mphindi 4, takasani kamodzi, chotsani thovu, sefani ndi kansalu koyera. Lawani wopanda shuga ndi mkaka, ali wotentha, kenako atafunda, poti zolakwika zambiri zimaonekera khofi akamazizira.

Lembani m'kope tsiku, kumene njere zinachokera, kulemera musanakazinge ndi mutakazinga, nthawi ya chikasu, ya kuphulika ndi yophula, ndi mmene wakomera. Ulendo wotsatira sinthani chinthu chimodzi chokha. Ngati anawawasa mopweteka, wonjezerani masekondi 30 pambuyo pa kuphulika. Ngati anawawa ngati phulusa, chotsani masekondi 30. Magalamu 170 amatulutsa makapu 11, choncho womwa kapu imodzi m'mawa uliwonse adzabwereranso pambaula sabata ziwiri zisanathe.